Kadontho Kofiira pa Foni ya Amama

Polokwane,
South Africa.
12 Ogasiti, 2023.

Okondedwa achemwali anga a Vailet,

Muli uli kumeneko? Ndayamba ndi moni wa kwa amama kuti musamanene kuti Joni yandiiwalitsa Chitumbuka, koma zotsalazi mundilole ndilembe m'Chichewa cha malemu bambo, chomwe tinkalankhula pokangana tili ana pa Thazima. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Mackson ndi ana. Nanga chifuwa chimene munkadandaula chija chinatha? Fumbi la choko ndi mphepo ya mwezi uno sizinagwirizanepo ndi chifuwa chanu. Koposa zonse ndikufunsa za amama. Bondo lija laphwa? Ayamba kuponda osagwira ndodo?

Ife kuno tili bwino ndithu. Kuzizira kwa chaka chino kunatikumbutsa Juni wa ku Nyika, moti m'mawa wina tinapeza madzi a m'ndowa ataundana pamwamba. Mlamu wanu Angella akupitiriza ntchito yake yosoka, ndipo mwezi uno wapeza oda ya mayunifolomu a kwaya ina, ndiye m'nyumba monse muli nsalu zobiriwira. Ungweru mano awiri akutsogolo aguluka. Akuseka chotseka pakamwa, koma kulongolola sanasiye. Chipedi, chilankhulo cha anzake kuno, akuchilankhula kuposa ife makolo ake.

Vuto lathu ndi lomwe lija la magetsi. Akumazima tsiku ndi tsiku, ndipo aphunzitsi anzanga akamadandaula ine ndikawauza kuti mayeso a fomu folo ndinawerengera nyali ya palafini, amaona ngati ndikudzitama. Ana a kalasi yomaliza nawo ayandikira mayeso, choncho ndi Loweruka lomwe ndikumaphunzitsa masamu.

Kalatayi yabwera ndi a Collen, a transipoti aja amene anakubweretserani mapoto chaka chatha. Andilonjeza kuti katunduyu ampereka m'manja mwanu, osati kumusiya pagolosale. Chonde mumumasule muli nokha, amama asanamuone. Mupezamo foni yaing'ono ya mabatani yokulungidwa m'sokosi, kathumba ka nsalu ka chingwe, ndi kasola kotchajira. Foniyo mukaiona muganiza kuti mlongo wanu wasauka, kapena kuti a Collen aisintha panjira. Ayi, ndi yomweyo. Musaipukute, ndipo muyambe mwamaliza kuwerenga.

Nkhani ndi ya amama, monga mukudziwa. Chiyambire tsiku lija la mu Juni, pamene anaterereka pachitsime cha kudimba n'kukhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osatha kudzuka, kufikira a Kezia oyandikana nawo nyumba anawapeza pochokera ku nkhuni, mtima wanga sunakhale m'malo. Inu munanena mosabisa kuti mvula isanagwe muwasamutsa kumudzi kuti adzakhale nanu kunyumba ya sukulu pa Katowo. Amama anakuyankhani kuti wofuna kuwasamutsa ayambe wazula nthochi zawo, dimba lawo ndi manda a bambo, azikweze pa pikapu, ndipo iwo akwera pomaliza. Munandiuza kuti kuchokera pamenepo mukapita kukawaona amakupatsani mpando ndi madzi akumwa ngati mlendo wa boma, nkhani osapitirira pa moni.

Sindikukutsutsani, achemwali. Amene munathamanga nawo kuchipatala ndinu, amene munawasambitsa masabata onse aja ndinu, ine ndinkangomvera patali. Koma ndakhala ndikuganizira chimene chinatiopsa kwenikweni tsiku limene lija. Kugwa aliyense amagwa, ngakhale pakhonde la nyumba ya sukulu munthu atha kugwa. Choopsa chinali chakuti anagwa alibe njira yoitanira munthu. Chikhalirecho foni anali nayo, yaikulu ija ndinatumiza. Inali m'sutikesi, yozimitsa, yokulungidwa m'duku lawo la Umanyano, bungwe lija la amayi kutchalitchi.

Ndinakupemphani kuti mudikire mpaka kontrakiti ya foni yanga ithe mu Julaye. Munaseka, n'kundifunsa kuti kontrakiti ya ku Joni ikukhudzana bwanji ndi bondo la munthu wa ku Katowo. Lero ndikuyankheni, ndipo mundipirire, mukudziwa kuti ine ndikayamba kufotokoza sindidumpha sitepe.

Kuno anthu ambiri olembedwa ntchito sagula foni ndi ndalama pamanja. Amasaina pangano la zaka ziwiri ndi kampani ya mafoni. Kampaniyo imakupatsa foni yamakono tsiku lomwelo, imakuikira mphindi zoimbira ndi bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi, ndipo imadzidulira yokha ndalama kubanki malipiro akangolowa. Alamu a Mackson aimvetsa msanga nkhaniyi, chifukwa n'chimodzimodzi fodya wa kontrakiti. Feteleza ndi mbewu zimafika pakhomo ngati mphatso, mtima n'kuti myaa, koma tsiku la kumsika ndi pamene munthu amadziwa kuti feteleza uja anali ndi mwini.

Zaka ziwiri zikatha foni ija imakhala yako, ngongole yatha. Koma pamenepa ndi pamene ambiri timagonapo. Pa pangano langa, ukangokhala chete limapitirira lokha, ndalama n'kumadulidwabe mwezi ndi mwezi. Ndiponso mwezi womaliza usanathe amayamba kukuimbira mwaulemu kwambiri, ati wasankhidwa kulandira foni yatsopano. Kulandirako ndiko kusaina zaka zina ziwiri. Mwambo wa ife a kuno mukuudziwa: munthu amatenga yatsopano, yakale n'kuitumiza kumudzi. Ndi mmene foni yaikulu ija inafikira kwa amama ulendo wathawu.

Ndinapita kushopu yawo Loweruka lina masana ndili ndi Ungweru. Mtsikana wogulitsayo ntchito yake amaidziwa, sindimunena. Ananditulutsira foni yonyezimira ya makamera atatu kumbuyo, n'kumujambula mwanayu pomwepo, chithunzi chooneka mpaka mpata wa mano uja. Ungweru anayamba kundikoka malaya. Mtsikanayo anati mphunzitsi wathunthu ngati ine sangamayende ndi foni yong'aluka pakona, ana asukulu andiona bwanji. Ndinamuyankha kuti ana asukulu anandiona kalekale, ndipo chimene amadana nacho mwa ine ndi masamu. Anaseka, koma cholembera sanachichotse patsogolo panga.

Kunena zoona, foniyo inandikoka mtima. Koma ndinamupempha kuti ayambe wandionetsa mmene ndakhala ndikugwiritsira ntchito zimene ndimalipira. Izi amatha kuziona pa kompyuta yawo, kungoti safulumira kukuuza ukapanda kufunsa. Tinapeza kuti bandulo ya intaneti miyezi yambiri inkatha nthawi ndisanaifike ndi pakati pomwe, popeza kusukulu tili ndi intaneti yaulere. Mphindi zoimbira nazo zinali za manambala a kuno okha, ndipo zambiri zinkangopsa. Kuimba ku Malawi sikunali m'panganomo ayi. Kumeneko ankandidula padera, pamtengo wokwera. Ndiye kuti ndinkalipira mphindi zoimbira anthu amene sindiwaimbira, pamene kumva mawu a amama kunali kodula. Ndinamuthokoza mtsikanayo, n'kumuuza kuti ndikaganize kaye. Ungweru anatuluka m'shopumo atakwinya nkhope.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangoimba pa Watsapu monga timachitira ine ndi inu. Watsapu imafuna foni yaikulu ndi bandulo mbali zonse ziwiri, komanso netiweki yamphamvu. Kumudzi kwa amama, makamaka kudimba kuja kunsi kwa phiri, zimenezo kulibe. Kumafunika kuimba kwenikweni, kwa pa nambala, kumene kumalowa ngakhale netiweki ili kamzere kamodzi.

Kunyumba Angella anandifunsa funso limodzi lokha, uku akusoka, osadzutsa n'komwe mutu. Anati foni ndili nayoyi yalephera chiyani. Ndinayamba kufotokoza za kamera, iye anabwereza funso lomwelo. Ndinavomera kuti vuto ndi batire yokha, imene inkatha dzuwa lisanalowe. Anati ndiye munthu nsapato ikaduka chingwe amagula chingwe kapena amasaina zaka ziwiri. M'mawa mwake ndinapita kwa Manasseh, mnyamata wa ku Mzimba amene amakonza mafoni pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo anandiikira batire yatsopano. Foni yanga yong'aluka pakona ija tsopano ikugwira ntchito ngati kale.

Foni ndinali nayo, chotsala chinali kusankha poilumikiza. Ndinayenda m'mashopu a makampani angapo, ndipo ndinaphunzira kuti mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakhomo suuza munthu zambiri. Kwina kunali kotsika mtengo kwambiri, koma nditafunsitsa ndinapeza kuti mphindi zoimbira kunja zimapsa pakangopita masiku ochepa, ugwiritse usagwiritse. Kwina zonse zinali bwino, koma nditafunsa anzathu oyandikana nawo anati netiweki yake m'dera lathu lino umachita kuitsata panja pa geti. Ndinaganizirapo zongobwerera ku mayunitsi okhwecha ngati kwathu, ndipo kwa munthu woimba mwa apo ndi apo njira imeneyo ndiyo yabwino. Koma ine ndikufuna kumaimba kumudzi kawirikawiri, osayamba ndayang'ana kuti mwatsala zingati.

Pomaliza ndinasankha pulani ya simukhadi yokha, yopanda foni, yolipira mwezi ndi mwezi, imene ndingaisiye mwezi uliwonse popanda chindapusa. Bandulo yake ndi yaing'ono, yokwanira zimene ndimagwiritsadi ntchito, ndipo ikatha imangoima, siyamba kudya ndalama zina mwakachetechete. Pamwamba pake ndikumagula mphindi zapadera zoimbira ku Malawi, zokhala mwezi wathunthu.

Chimene ndinakakamira ndi nambala. Amama nambala yangayi anailoweza pamtima, amaitchula m'Chingelezi mothamanga ngati vesi la ku Sande sukulu, ndipo ukawadula pakati amayambiranso poyamba. Kuwaphunzitsa ina pa msinkhu wawo kukanakhala kuwazunza. Mwamwayi kuno amalola munthu kusamuka kampani ndi nambala yake. Choncho musasinthe kalikonse m'mafoni mwanu, ndine yemwe uja.

Zimene ndikulipira tsopano sizikufika ndi theka la zakale. Zopulumukazo ndi zimene zagula foni ya amama ndi kasola, ndipo mwezi uliwonse ndizitumizako pang'ono kwa inu kuti muziwaikira mayunitsi. Apo ndiye pamene kontrakiti ya ku Joni yakumanirana ndi bondo la ku Katowo.

Kusankha foni ya amama kunanditengera nthawi kuposa yanga. Yaikulu ija imafuna kupalasa galasi ndi chala chouma, pamene zala za amama nthawi zambiri zimakhala ndi madzi kapena dothi, ndipo galasi silizimva. Iyi ili ndi mabatani akuluakulu oti munthu amawamva pansi pa chala ngakhale asakuyang'ana. Ikalira imamveka kuseri kwa nyumba. Batire yake imatha pafupifupi sabata, ndiye chifukwa chozimitsira foni kuti moto usathe palibenso. Ikatsika, kasolako angokaika padenga la khola masana, sipafunikanso kutuma munthu kokatchajitsa ku Katowo. Ili ndi tochi, ilinso ndi wailesi yolankhula yokha popanda zoika m'makutu. Wailesiyo ndikuidalira kwambiri, chifukwa mukudziwa mmene amama amakondera kumvera mauthenga a maliro ndi nyimbo za kwaya.

Imalowa masimukhadi awiri. Alamu a Mackson anandiuza kuti pakhomo pa amama imagwira bwino ndi netiweki ina, pamene kudimba, cha pachulu paja, imagwira inzake. Ndiye muikemo onse awiri. Manasseh anaiyesa ndi simukhadi ya kwathu ndipo inailandira, si yotsekera makampani a kuno okha. Yoyamba mutenge ya m'foni yaikulu ija. Ngati anaitseka chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito, mukalembetse ina ndi chiphaso chawo cha unzika. Manambala ndasungamo kale. Akadina batani la 2 n'kuligwira pang'ono, iimba kwa inu. La 3 ndi la ine. La 4 ndasiyira a Kezia, muikemo nambala yawo, chifukwa pa tonsefe amene angafike kudimba mwamsanga ndi iwo.

Koma zonse ndafotokozazi n'zachabe ngati foniyi nayo ikalowa m'sutikesi. Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali, mpaka tsiku lina ndinabwerera ku chithunzi chimene munanditumizira mu Juni, chondionetsa poterera pamene amama anagwera. M'mbali mwa chitsimecho munali kheni yothirira itagona chammbali, yakale ija ya nthawi ya bambo. Nditakulitsa chithunzicho ndinaona pakhosi pake kadontho kofiira, kofwifwa koma kooneka.

Mukukakumbuka kachitini ka utoto wofiira ka bambo? Pa kampu ya Thazima nyumba za alonda a nyama zinali moyandikana, ndipo mabanja onse ankagula ndowa, makasu ndi mbale m'sitolo imodzimodzi pa Rumphi boma, zofanana ngati mapasa. Pofuna kuthetsa mikangano ya pamjigo, bambo ankadontheza kadontho kofiira pa chinthu chilichonse chotuluka panja. Ankaviika mutu wa msomali m'kachitinimo n'kudinda pa mpini wa khasu, pa chikwanje, pa tochi, ngakhale pa chigwiriro cha ambulera. Zosatuluka m'nyumba sankavutika nazo, monga makapu a maluwa a alendo, nsalu yoyera ya patebulo ndi bulangete la ukwati wawo.

Pang'ono ndi pang'ono chizindikiro chija chinayamba kutanthauza china m'nyumba mwathu. Chokhala ndi kadontho chinali chogwirira ntchito, chobwereketsa, choti chikatha chatha. Chopanda kadontho chinali chosunga. Palibe anatiuza lamulo limeneli, koma tonse tinkalidziwa. Mukukumbuka mmene tinakalipiridwira tonse awiri titamwera tiyi m'makapu a maluwa amama ali ku Umanyano? Funso lawo loyamba linali loti kodi tinaonapo kadontho pamenepo.

Bambo anatisiya, kachitini kanauma, koma amama lamulo lija akulisungabe, mwina osadziwa n'komwe kuti akulisunga. Taganizirani zonse zimene takhala tikutumiza. Bulangete lokhuthala la chaka chija likadali m'pulasitiki yake, iwo akufunda lakale lobookabooka. Nsapato zimene Angella anawagulira amazitulutsa poonetsa alendo, kenako n'kuzibwezera. Foni yaikulu inafika m'bokosi, yopukutidwa bwino, ndi uta wa riboni pamwamba. Inaperekedwa Lamulungu pabalaza, a mkulu wa mpingo anaipempherera, anthu anaomba m'manja. Chinthu cholandiridwa motero chikanapita kuti, kupatula m'sutikesi? Amama sanainyoze foni ija. Anailemekeza monga amalemekezera chilichonse chochokera kwa ana awo.

Ndiye nditagula iyi, bokosi ndinalisiya m'shopu momwemo. Wogulitsayo anandithamangira nalo mpaka pakhomo, poganiza kuti ndaiwala. Timapulasitiki tonse ndinamatula. Kwa mwezi wathunthu ndayenda nayo m'thumba limodzi ndi makiyi. Ndinaikamo simukhadi ya Angella masiku ena kuti izilira, Ungweru waseweretsa tochi yake pansi pa bulangete, ndipo yagwapo pasimenti kangapo, kamodzi mwangozi. Tsiku lina inalira m'kalasi ndili pakati pa samu, ana onse anafa nacho chiseko, ati aphunzitsi alanda foni ya agogo awo. Ndinawauza kuti ayandikira, kungoti foniyi ikupita kumudzi, sikuchokerako.

Itakalikakalika mokwanira ndinagula kachitini ka utoto wofiira wa mafuta. Ndinaviika mutu wa msomali monga ankachitira bambo, n'kudinda kumbuyo kwake. Kadonthoko sikanazungulire bwino ngati ka iwo, koma kauma ndipo sikachoka. Angella anasoka kathumba ndi nsalu yotsala ya chitenje chakale, dala osati yatsopano, n'kusiya kabowo kuti kadonthoko kazionekera. Chingwe chake ndi chachitali moti foni izikhala m'kati mwa bulauzi, isamalendewere akamawerama.

Tsopano pempho langa, achemwali, ndi limodzi. Foniyi musakaipereke pabalaza. Musakaipereke Lamulungu, ndipo musaitane munthu woti aipempherere. Kupemphera tipemphera ndithu, koma tipempherere mwini wake. Mupite tsiku la ntchito m'mamawa, muwapeze kudimba manja ali matope. Muitulutse m'thumba mwanu ngati mukupereka mpeni wosendera mbatata, muwaveke kathumbako m'khosi, muwatsegulire wailesi, kenako mutenge kheni muthirire nawo. Ndikudziwa kuti sukulu mwatsekera, nthawi ya m'mawa umodzi ipezeka. Za kusamuka tsiku limenelo musazitchule, ngakhale iwo atayamba okha kukutokosani.

Sindikunena kuti muwanamize. Akafunsa ngati ndi yatsopano, muwauze zoona, kuti inagulidwa mwezi watha ndipo Horace wayenda nayo mpaka kukalika. Akafunsa za kadonthoko, muwauze kuti ndadinda ndine, ndi msomali. Amama si mwana. Akakaona adziwa chimene ndikunena, kuposa mmene ndingafotokozere m'makalata khumi. Mwina aseka, mwina angopitiriza kuthirira, mwina anena kuti ana a masiku ano ndi achipongwe. Zonsezo ndilandira, bola foniyo itsale pakhosi pawo inu pobwerera.

Ikatsala, ndikupemphani kuti nkhani yosamuka muiimike kaye mpaka mvula yoyamba, tione. Muziwaimbira nthawi zosiyanasiyana, nanenso ndiziimba. Ngati foni ikupezeka yoyatsa, ikuyenda nawo kudimba, ku nkhuni ndi kumaliro, ndiye kuti chimene chinatiopsa chachepa, ndipo tiwasiye akhale pakhomo pawo ndi nthochi zawo. Mukudziwa nokha kuti kunyumba ya sukulu, popanda khasu ndi nkhuku zawo, angakalambe mwezi umodzi. Koma tikapeza kuti nayo yalowa m'sutikesi, ndikulonjeza kuti ndidzaima mbali yanu. Tikubwera mu Disembala sukulu ikatsekera, ndipo ndidzawauza ndekha pamaso, kuti mkwiyo wawo usamagwere inu nokha ngati mmene zakhalira miyezi iwiriyi.

Foni yaikulu ija musawalande, ndipo musaipereke kwa ana ngakhale akuipempha. Ndi yawo, ikhale m'duku momwemo. Mukangochotsamo simukhadi muibwezere. Lamulungu lina mukapita ndi yanu, muzindiimbira pa vidiyo muli pamwamba pa msewu paja pamene netiweki imagwira, kuti amuone Ungweru mano asanamere.

Ine chiyembekezo ndili nacho chachikulu. Sindikudikira kuti amama andithokoze. Ndikudikira tsiku limene ndidzaimbe m'mawa ndisanalowe m'kalasi, iwo n'kuyankha akupuma mwabefu, wailesi itangozima kumene, n'kundifunsa ngati ku Joniko kulibe ntchito, poti anthu akuthirira mpiru dzuwa lisanakwere, kenako n'kundidulira foni ndisanamalize moni. Tsiku limenelo ndidzadziwa kumene foniyo ili, ndipo mphindi zanga za mwezi umenewo zidzakhala zagwira ntchito yake.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mackson, muwauze kuti malangizo awo a netiweki ndawatsatira, ndipo ndikufuna kumva mmene fodya wayendera chaka chino. Moni kwa ana anu Griffin ndi Mabel, alimbikire sukulu, amalume awo ndidzawafunsa matebulo a masamu ndikabwera. Moni kwa amalume a Laws ku Kazuni, ndinamva kuti njovu zinawadyeranso chinangwa, muwapepese m'malo mwanga. Moni kwa azakhali a Isabella. Kwa a Kezia mukanene kuti mawu othokozera ndilibe okwanira, ndidzafika ndekha pakhomo pawo. Angella ndi Ungweru akupereka moni kwa nonse. Kwa amama moni wanga musapereke, ndikufuna ndiupereke ndekha foni ikalira kudimba.

Yewo chomene, achemwali, chifukwa cha zonse zimene mumasenza kumeneko ife tili kutali. Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ine mlongo wanu,
Horace.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Pansi pa katunduyu, m'pepala la pulasitiki lomanga kawiri, muli kachitini ka utoto wotsala ndi msomali wake. Za foni zikayenda bwino, mukadinde pakona pa bulangete lokhuthala lija ndi pansi pa nsapato zija. Makapu a maluwa okha musawakhudze.